Kasamalidwe ka Mabering'i a Galimoto, Tirela ndi Ngolo M'misewu ya ku Chadiza

Ku Chadiza gudumu limakumana ndi nyengo ziwiri, ndipo zonse sizikomera chitsulo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo limadutsa m'matope, m'madambo ndi m'timitsinje todzaza. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala limayenda m'fumbi litasenza matumba a chimanga, soya, nshawa ndi mpendadzuwa kupita ku madepoti a FRA, ku misika ya pa Boma, ku Katete kapena ku Chipata. Katundu yenseyo amatsamira pa kanthu kakang'ono kobisika pakati pa gudumu, komwe amakanika amakatcha bering'i.

Nthawi zambiri bering'i siifa mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula kwa masabata, ndipo amene amadziwa kumvetsera amaipulumutsa ndi chitini chimodzi cha girizi. Amene sanamve amadzagula habu, ekiselo ndi tayala nthawi imodzi, mwinanso gudumu n'kuthothoka galimoto ili pa liwiro, anthu ali pambuyo. Malangizo awa ndi a banja lililonse lomwe lili ndi Land Cruiser, Hilux, tirela, kalavani kapena ngolo ya ng'ombe, kuti lizitha kuona vuto lisanakule, kugwira ntchito yomwe ingatheke pakhomo, ndi kuzindikira yofunika kupita nayo kugalaja.

Zomwe zili m'kati mwa habu

Mukachotsa gudumu mumaona habu, chitsulo chomwe chili ndi mabawuti omangirapo gudumulo. Habuyo imazungulira pa nsonga ya ekiselo, ndipo pakati pa ziwirizi pamakhala mabering'i awiri: yaikulu kum'kati, yaing'ono kunja. Bering'i iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Kapu ndi mphete yosalala yomwe imakhomeredwa m'habu. Koni ndi mbali yokhala ndi marola, tizitsulo tobulungira tosongokera mbali imodzi, toikidwa m'kakhola kake. Kumbuyo kwa bering'i yam'kati kuli silo ya mphira yomwe imatsekereza girizi kuti asatuluke, madzi ndi fumbi kuti zisalowe. Kutsogolo kuli washala, nati, chokhomera natiyo kuti isamasuke (monga split pin), ndi kachivundikiro.

Bering'i ya marola osongoka inapangidwira ngolo isanafike pa galimoto. Henry Timken, mmisiri wa ngolo zokokedwa ndi akavalo mumzinda wa St. Louis ku America, analembetsa luso limeneli m'chaka cha 1898 ataona kuti magudumu a ngolo zolemera amavutika pokhota. Kusongoka kwa marolawo ndiko kumathandiza bering'i kusenza katundu wotsikira pansi komanso mphamvu yokankhira m'mbali, yomwe imabwera mukamakhota kapena mukamayenda m'msewu wopendekeka. Kusongoka komweko n'kumene kumachititsa kuti kamangidwe ka nati kakhale nkhani yaikulu, monga tionere kutsogoloku.

Zomwe zimapha bering'i

Choyamba ndi madzi. Galimoto ikayenda mtunda wautali habu imatentha, ndipo mpweya wam'kati umafufuma. Mukalowa nayo m'madzi ozizira, mpweya uja umanyala msanga n'kukoka madzi kudzera pa silo. Madzi ochepa okha amasandutsa girizi kukhala wotuwa ndi wosalimba, ndipo galimoto ikaima masiku angapo dzimbiri limadya pomwe marola akhudza kapu. Walira mvula walira matope, choncho sitingaleke kuwoloka mitsinje, koma tingathe kuima mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kutsidya lino kuti mahabu azizire tisanalowe.

Chachiwiri ndi fumbi ndi mchenga. Zikalowa pa silo yong'ambika kapena pamene kachivundikiro kanagwa, girizi amasanduka chonolera, n'kumapera chitsulo ngati mwala wa mphero.

Chachitatu ndi katundu wopitirira muyeso. Hilux kapena Land Cruiser ya bokosi inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, kuwerengera pamodzi ndi anthu okwerapo. Matumba 35 ndi anthu asanu ndi mmodzi pamwamba pake, m'msewu wa mabampu ndi maenje, amachititsa marola kuboola timaenje m'kapu nthawi iliyonse gudumu likagunda.

Chachinayi ndi dzanja la munthu: kumanga nati mopitirira, kuisiya yolobodoka, kukhoma bering'i ndi hamala mwachindunji, kapena kusakaniza mitundu ya girizi.

Kuzindikira vuto lisanakule

Yambani ndi khutu. Bering'i yotha imalira kuti wuuu, ndipo kulirako kumakula liwiro likamakwera, osati injini ikamakwera. M'msewu wa dothi n'kovuta kumva, choncho mukafika pa tala, monga msewu wa Katete kupita ku Chanida kapena Great East Road, tsekani wailesi mumvetsere. Pamalo opanda galimoto zina, pendeketsani chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku. Kulira kukakula mukamakhotera kumanzere, nthawi zambiri vuto lili kumanja, chifukwa kulemera kwapita kumeneko. Kukakula mukamakhotera kumanja, yang'anani kumanzere. Matayala a mano akuluakulu nawonso amalira, koma kulira kwawo sikusintha kwenikweni pokhota.

Kenako dzanja. Mukayenda makilomita 20 kapena 30, imani osaponda mabuleki kwambiri, ndipo yandikizani kuseri kwa dzanja pa habu iliyonse. Kufunda n'kwabwinobwino. Habu imodzi ikatentha kuposa inzake ya mbali ina, kapena ikafika posagwirika, pali vuto. Mabuleki ogwira nawonso amatenthetsa habu, choncho zonse ziwiri zifufuzidwe.

Kenako maso. Suzumirani kuseri kwa gudumu. Mizere yakuda ya girizi yomwazikira pa rimu kapena pa dramu ya mabuleki ikusonyeza kuti silo yatha. Tayala lodyeka mbali imodzi, kapena nyali ya ABS yoyaka pa galimoto zatsopano, nazonso zingaloze komweko.

Pomaliza, kwezani gudumu pa jeke. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mukankhe ndi kukoka. Likamachita gwedegwede, bering'i yalobodoka kapena yatha. Uzani mnzanu aponde buleki muyesenso: kugwedera kukatha, ndi bering'i ndithu, kukapitirira, yang'anani majointi ndi mabushi. Zungulizani gudumu ndi dzanja. Liyenera kuyenda myaa, popanda kukhakhala kapena kugwiragwira.

Dziwani mtundu wa bering'i yanu

Si bering'i iliyonse yomwe imatsegulidwa n'kupakidwa girizi. Matirela ambiri, makalavani, ngolo zambiri, Land Cruiser 70 ndi Hilux zakale zili ndi mabering'i a kapu ndi koni kutsogolo, omwe mungatsuke, kupaka girizi ndi kumanganso pakhomo. Land Cruiser 70 zambiri zili ndi mtundu womwewu kumbuyonso.

Hilux zomwe zinayamba kutuluka m'chaka cha 2005, zomwe ambiri amazitcha Vigo, pamodzi ndi zotsatira zake, zili ndi bering'i yotsekedwa kutsogolo. Imeneyi siimangidwa kuti ichotse kugwedera, ndipo siipakidwa girizi. Ikalira kapena ikagwedera, yatha, isinthidwe. Kumbuyo kwa Hilux bering'i imapanikizidwa pa shafiti ndi makina a puresi. Ntchito ziwirizi pitani nazo kugalaja yomwe ili ndi puresi. Kukhoma bering'i yotere ndi hamala ndi paipi kumaivulaza isanayende n'komwe, ndipo mphete yogwira shafiti ikapanda kukhala bwino, shafiti imatha kusololoka pamodzi ndi gudumu.

Kugula bering'i yoyenera

Bering'i iliyonse ili ndi nambala yodindidwa m'mphepete mwake. Nambalayo nthawi zambiri imakhala imodzimodzi kwa opanga osiyanasiyana, choncho musagule pongotchula dzina la galimoto. Tengani yakaleyo, kapu ndi koni yomwe, pamodzi ndi silo, mukayerekeze pa kauntala. Ngati mukutuma munthu ku Chipata, jambulani nambalayo pa foni mumutumizire, chifukwa ulendo wobweza chinthu cholakwika ndi wautali.

Pa mabering'i oyezedwa m'mamilimita, manambala awiri omalizira amanena kukula kwa bowo. Kuyambira 04 kupita m'tsogolo, chulukitsani kasanu: 30205 ili ndi bowo la mamilimita 25, ndipo 30206 ili ndi la mamilimita 30. Pansi pa 04 pali lamulo lake: 00 ndi mamilimita 10, 01 ndi 12, 02 ndi 15, 03 ndi 17. N'chifukwa chake 6203, yomwe imapezeka m'magudumu a njinga zamoto zambiri, ili ndi bowo la mamilimita 17. Zilembo 2RS zikutanthauza kuti ndi yotsekedwa ndi mphira mbali zonse, ndipo m'fumbi lathu imeneyi imaposa ya ZZ yotsekedwa ndi kachitsulo. Matirela ndi makalavani ena amagwiritsa ntchito mabering'i oyezedwa m'mainchi, monga LM11949 ndi LM67048. Amenewa saloweza m'malo mwa a mamilimita ngakhale akuoneka ofanana.

Mayina odziwika ndi Koyo, NSK, NTN, SKF, Timken ndi FAG, koma achinyengo amadindanso mayina omwewa pa katundu wabodza. Yang'anani kuti zilembo zadindidwa mooneka bwino, chitsulo n'chosalala popanda dzimbiri, bokosi silinatsegulidwepo, ndipo mtengo sunatsike mokayikitsa poyerekeza ndi masitolo ena. Gulani kwa wogulitsa wopereka lisiti.

Girizi akhale wolembedwa kuti ndi wa mabering'i a magudumu, wopirira kutentha, wa mlingo wa NLGI 2. Girizi wakuda wa moly, yemwe amaikidwa m'majointi a CV kutsogolo kwa Land Cruiser, ali ndi ntchito yake ina, musamuike m'mabering'i. Musasakanize mitundu iwiri, chifukwa ina ikakumana imasungunuka n'kuchucha. Oilo wakale wa injini si girizi, ndipo ali kale ndi tizidutswa ta chitsulo.

Zida ndi chitetezo

Konzani jeke, sitandi kapena chipika chachikulu cha mtengo wolimba chodulidwa mosalala, sipanala ya magudumu, masoketi, pulayala, hamala, panchi ya mkuwa kapena ya chitsulo chofewa, sikuludiraiva, parafini kapena dizilo, kabulashi, nsanza zoyera, silo yatsopano ndi split pin yatsopano. Nati za mahabu a Land Cruiser ndi Hilux zakale zimafuna soketi ya mamilimita 54. Ambiri amazimasula ndi hamala ndi chitsulo chosongoka, koma zimenezo zimatafuna nati n'kugwetsera tizidutswa m'girizi.

Gwirani ntchito pamalo olimba ndi athyathyathya, kutali ndi mphepo ya fumbi. Yalani saka loyera kapena katoni poika zitsulo. Tsekerezani magudumu otsalawo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Musadalire jeke yokha, ndipo musakhazike galimoto pa njerwa kapena mabuloko a simenti, chifukwa amaphwanyika mosachenjeza. Gudumu lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa chasisi kuti likhale chitetezo chachiwiri. Ana aonerere ali patali. Musatsukire petulo, makamaka pafupi ndi mbaula kapena munthu wosuta.

Kutsegula, kutsuka ndi kuyang'ana

1. Masulani pang'ono nati za gudumu lili pansi, kwezani galimoto, ikhazikeni pa sitandi, chotsani gudumu.

2. Ngati pali mabuleki a disiki, masulani kalipa n'kuimangirira m'mwamba ndi waya. Isalendewere pa paipi yake ya mphira. Ngati ndi dramu ya tirela kapena kalavani, masulani handibuleki.

3. Chotsani kachivundikiro pokagogoda pang'onopang'ono mozungulira. Wongolani split pin muisolole, masulani nati, chotsani washala.

4. Kokani habu pang'ono, koni yakunja idzatuluka yokha. Iwakheni isagwere m'dothi. Kenako sololani habu yonse mowongoka.

5. Tembenuzani habu, zulani silo ndi sikuludiraiva, chotsani koni yam'kati. Silo yozulidwa siibwereranso. Zitsulo za gudumu lakumanja zisasakanikirane ndi za lakumanzere, chifukwa koni iliyonse inazolowerana ndi kapu yake.

6. Yang'anani girizi wakale musanamupukute. Wotuwa ngati wasakanizika ndi mkaka ndiye kuti munalowa madzi. Wonyezimira tizidutswa ta siliva ndiye kuti chitsulo chikudyeka. Wouma ndi wonunkha kupsa ndiye kuti munatentha.

7. Tsukani zonse m'parafini mpaka girizi yense atachoka, muumitse pa nsanza yoyera. Musazungulize bering'i youma ndi mpweya wa kompuresa. Fumbi la mabuleki lipukuteni ndi nsanza yonyowa, musaliuzire, n'loipa m'mapapo.

8. Penyani rola iliyonse ndi kapu iliyonse padzuwa. Timaenje, kusupuka, mizere yomwe chikhadabo chikukodwamo, madontho a dzimbiri, mtundu wabuluu kapena wofiirira, kakhola kopindika: chimodzi mwa izi chikaoneka, bering'iyo isinthidwe. Yang'ananinso nsonga ya ekiselo, makamaka pomwe silo imakhudza ndi pomwe pali mazinga a nati.

Kusintha kapu

Koni yatsopano imayenda ndi kapu yatsopano. Kuika koni yatsopano m'kapu yakale n'kutaya ndalama, chifukwa zipsera za kapuyo zimasindikizika pa marola m'masabata ochepa.

M'kati mwa habu zambiri muli timipata tiwiri toyang'anizana kuseri kwa kapu. Ikani panchi pamenepo, mugogode uku kenako uko, mosinthanasinthana, mpaka kapu itatuluka mowongoka. Pukutani malo ake. Kapu yatsopano ilowe mbali yake yokhuthala ili kutsogolo, kuti kukamwa kwake kotambasuka kuyang'ane kunja, komwe koni idzalowere. Ikani kapu yakale pamwamba pa yatsopano kuti hamala izimenya yakaleyo, ndipo gogodani mozungulira. Kapu ikafika pansi kulira kwa hamala kumasintha, kumamveka kolimba. Suzumirani kuseri mutsimikize kuti palibe mpata. Ngati muli ndi firiji, kusiyamo kapu kwa ola limodzi kumaichepetsa pang'ono, n'kulowa mosavuta. Kapu ikamalowa yokha popanda kugogoda, kapena ikamazungulira m'malo mwake, habu yatha.

Kupaka girizi

Sambani m'manja. Ikani chibulumwa cha girizi pachikhatho, gwirani koni mbali yake yaikulu ili pansi, ndipo ikandeni pa girizi mobwerezabwereza mpaka girizi atatulukira pamwamba pakati pa marola. Zungulizani pang'ono mupitirize, mpaka bering'i yonse itadzaza. Kungopaka kunja n'kunamiza maso, m'kati mukhala mouma.

Pakani girizi pa makapu onse awiri ndi m'mimba mwa habu, koma musadzaze habu yonse kuti tho. Girizi wochuluka amasunga kutentha n'kukankha silo. Ikani koni yam'kati, kenako silo yatsopano, mlomo wake wa kasipuling'i utayang'ana m'kati komwe kuli girizi. Ikhomeni ndi kathabwa kosalala kuti ilowe molingana, mupake girizi pang'ono pa mlomo wake. Bwezerani habu mosamala kuti mazinga a ekiselo asang'ambe silo, ikani koni yakunja, washala ndi nati. Girizi asakhudze disiki, dramu kapena mapadi a mabuleki.

Kumanga nati

Apa ndi pamene ntchito yonse imakomera kapena kuonongekera. Nati ya bering'i si nati ya gudumu yomwe imafuna mphamvu. Ikathina kwambiri imafinya marola, girizi amathawa pakati pawo, ndipo bering'i imapsa m'makilomita ochepa. Ikalobodoka, gudumu limagwedera, marola amamenyeka ndipo silo imatanuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa tirela, kalavani ndi ngolo chitani motere. Mangani nati ndi sipanala mpaka italimba ndithu, kwinaku mukuzunguliza habu ndi dzanja lina, kuti marola akhale m'malo mwake. Lekani kuzunguliza, masulani nati mpaka itamasuka. Imangeninso ndi zala zokha mpaka itaima. Ngati mpata wa nati sunalunjike pa bowo la split pin, bwezani nati m'mbuyo pang'ono mpaka mpata woyamba utalunjika, musapitirize kumanga. Lowetsani split pin yatsopano mupinde miyendo yake. Msomali kapena waya si split pin: umathyoka, nati n'kumasuka. Mukabwezera gudumu, lizizungulira momasuka, ndipo kugwedera kukhale kochepetsetsa, kongomveka m'manja koma kosaoneka ndi maso.

Land Cruiser ili ndi kamangidwe kake. Musanafike pa mabering'i akutsogolo mumayamba mwachotsa habu yokhoma ndi kumasula, ija yolembedwa FREE ndi LOCK. Iikeni pa FREE musanaitsegule. Pa mabawuti ake pali tiwashala tosongoka tomwe timadumpha mukagogoda nsonga ya bawuti ndi panchi ya mkuwa, nati ili pamwamba kuteteza mazinga. M'kati muli nati ziwiri ndi washala ya makutu pakati pake. Nati yoyamba imamangidwa kufika pa 59 Nm, habu n'kuzungulizidwa kangapo, kenako imamasulidwa n'kumangidwanso mopepuka. Apa sipafunika kugwedera kulikonse, koma kuthina pang'ono koyezedwa. Kolekani sikelo yaing'ono yopachika pa bawuti imodzi ya habu, gudumu ndi kalipa zisanabwerere, mukoke: habu iyambe kuyenda pakati pa makilogalamu 3 ndi 5 ndi theka. Ikani washala ya makutu yatsopano, mangani nati yachiwiri, yezaninso, ndipo pindani khutu limodzi m'kati, lina kunja. Muyeso wa nati yachiwiri umasiyana potengera mtundu wa galimoto, choncho tsatani buku lake.

Mukamaliza, pondani buleki kangapo galimoto isanayende kuti mapadi abwerere m'malo. Yendani makilomita 10, imani mugwire mahabu. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, kwezaninso gudumu muyese kugwedera, ndipo mangitsaninso nati za magudumu.

Ngolo ya ng'ombe

M'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, ngolo ndiyo imatuta zokolola, manyowa, njerwa, nkhuni ndi feteleza, nthawi zina n'kunyamulanso wodwala kupita kuchipatala. Ngolo zambiri zimamangidwa pa ekiselo ya galimoto yakale, choncho zonse zanenedwa pamwambazi zikuzikhudza. Poti imayenda pang'onopang'ono, bering'i yake siilira kuti wuuu. Imadziwika ndi kulira kwa kwii kwii, gudumu loyenda mopepeluka, ndi ng'ombe zotopa msanga pa katundu yemwe zinazolowera. Bering'i youma imalemeretsa goli, ndipo zilonda za pakhosi pa ng'ombe zingayambire pamenepo.

Vuto lofala pa ngolo ndi kachivundikiro kotayika. Musasiye nati pamtunda. Dulani chitini kapena botolo lolimba la pulasitiki lolingana ndi kukamwa kwa habu, mulimange ndi mphira kufikira mutapeza chivundikiro chenicheni. Ngati ekiselo ndi yakumbuyo yokhala ndi difu, onani kuti muli oilo wa giya, ndipo ngati akuchucha m'mbali, silo yatha. Mukapita kowotcherera, uzani mmisiri kuti waya wa ethi aumange pafupi ndi pomwe akuwotcherapo, magetsi asadutse m'habu, chifukwa amaboola timaenje pa marola. Ngolo isagone ndi katundu masiku ambiri, ndipo isaime m'madzi kapena m'matope.

Tirela ndi kalavani zoima nthawi yaitali

Kalavani ya pa kampu ya okonza misewu, tirela ya thanki ya madzi, kapena tirela ya thirakitala imatha miyezi osayenda. Kuima kumawononganso: girizi amatsikira pansi, chinyezi chimalowa, ndipo kulemera konse kumakhala pa marola omwewo. Ngati iima nyengo yonse ya mvula, ikhazikeni pa zipika kuti magudumu apume, ndipo muziwazunguliza ndi dzanja kamodzi pamwezi. Magudumu a tirela amakhala aang'ono, choncho amazungulira kambiri kuposa a galimoto yoikoka, komanso woyendetsa samva kulira kwake. N'chifukwa chake paulendo wautali, monga wopita ku Mfuwe kapena wolowa ku Tete kudzera pa Chanida, muziima n'kugwira mahabu ake pa ola lililonse kapena awiri.

Ikakugwerani panjira

Mukamva fungo la girizi wopsa, kuona utsi pa gudumu, kapena kumva kukukuta, imani pomwepo. Musathire madzi pa habu yotentha, chitsulo chingang'aluke. Ikazizira, kwezani gudumu muone. Ngati marola ali onse ndipo angouma, kupaka girizi ndi kumanga bwino nati kungakufikitseni pa malo okonzera, mukuyenda pang'onopang'ono, mutatsitsako katundu, mukuima pafupipafupi. Ngati kakhola kasweka kapena koni yawotcherereka pa ekiselo, musapitirize, makamaka ngati mwanyamula anthu. Kudikira thandizo usiku umodzi n'kopepuka poyerekeza ndi gudumu lothothoka potsetsereka.

M'galimoto muzikhala kabokosi ka gudumu limodzi: makoni awiri ndi makapu ake, silo, split pin kapena washala ya makutu, kachitini ka girizi ndi soketi yoyenera. Makoniwo mungathe kuwapakiratu girizi n'kuwamanga m'pulasitiki yoyera, kuti musadzagwire ntchito imeneyi m'fumbi la m'mbali mwa msewu.

Nthawi yochitira zimenezi

Opanga matirela ambiri amalangiza kupaka girizi watsopano kamodzi pachaka. M'misewu yathu, kalendala ya ulimi ndiyo imakumbutsa bwino. Mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, mvula itasiya koma musanayambe kututa, tsegulani mahabu onse, chotsani girizi yemwe wamwa madzi, muike watsopano ndi masilo atsopano. Mu Okutobala, ntchito yogulitsa itatha ndipo feteleza asanayambe kunyamulidwa, kwezani gudumu lililonse muyese kugwedera, muone masilo ndi zivundikiro. Ngati mwawoloka madzi omiza habu, musadikire nyengo: tsegulani m'sabata yomweyo. Musanayambe ulendo wonyamula anthu ambiri, monga wa ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, kapena musanapite ndi galimoto kukayezetsa ku RTSA, yesaninso magudumu onse.

Sungani kabuku m'galimoto kapena m'nyumba. Lembanimo tsiku, makilomita, nambala za mabering'i ndi masilo a gudumu lililonse, ndi dzina la girizi yemwe mwagwiritsa ntchito. Pogwira ntchitoyi itanani mnyamata kapena mtsikana yemwe amayendetsa ngolo kapena galimotoyo, agwire gudumu logwedera ndi lomangidwa bwino, kuti manja ake adziwe kusiyana kwake. Iyeyo ndi amene amakhala panjira tsiku ndi tsiku, ndipo ndi amene adzayambe kuzindikira kuti gudumu lasintha.